Nthambi ya ku Libuyu

Pécs, Hungary
14 Okutobala 2023

Amama,

Landirani moni wochokera kuno kozizira. Miyendo ija ikukupatsani mpata? Alongo anga ndi ana awo ali bwanji? Ine ndili bwino, maphunziro akuyenda. Tayamba kupita kuchipatala cha okalamba, kukawaphunzitsanso kuyenda akachitidwa opaleshoni.

Ndasankha kulemba chifukwa nkhani ya atate anu ndikaiyamba pa foni, inu mumati simukundimva bwino, n'kudula. Pepalali ndalijambula n'kutumiza pa foni ya amalume a Whyson kuti akubweretsereni.

Sabata yatha anandipatsa gogo wina wothyoka fupa la m'chiuno, wochepa thupi koma wakuthwa pakamwa. Kale anali mphunzitsi wa Chingerezi, choncho timamvana. Pa bedi pake panalembedwa kuti Szelendi Ilona, poti kuno amayamba ndi dzina la banja. Nditamufunsa katchulidwe kake anati, "Selendi." Amama, kuyambira ndili mwana ndakhala ndikumva azimayi achikulire a kutchalitchi akukutchulani kuti "mwana wa Selendi". Ine ndi mng'ono wanga Pamela tinkayesa ndi mawu onyozera anthu oyera khungu ngati inu. Sitinkadziwa kuti ndi dzina la munthu.

Anandifunsa kwathu. Nditati Zambia anangogwedeza mutu. Nditawonjezera kuti kale inkatchedwa Northern Rhodesia, anandigwira dzanja mwamphamvu n'kunena kuti, "Mlongo wanga Miklós anathawa kuno mu 1956, nkhondo itabuka m'misewu, ine ndili mtsikana. Anakafera kumeneko. Tinangolandira uthenga wakuti wamwalira ku Africa. Tauni yake sitiidziwa, manda ake sitiwadziwa. Amayi athu anafa akufunsabe."

Ine sindinamuuze chilichonse cha inu. Ndikudikira mawu anu. Kodi atate anu dzina lawo loyamba linali ndani?

Ndine mwana wanu,
Mazuba

Libuyu, Livingstone
20 Novembala 2023

Mazuba mwana wa mlongo wanga,

Kuno tili bwino, kungoti kutentha kwanyanya ndipo mvula ikungotiseka. Kalata yako ninakaitulutsa pa pepala ku tauni, n'kuwapititsira amako ku Maramba Market. Anaiwerenga ataimirira, anaipinda, anaiika pansi pa makina osokera, n'kupitiriza kusoka diresi la kasitomala. Mwezi wapita, palibe chimene anenapo. Nikawafunsa akuti, "Whyson, teksi yako ilibe anthu onyamula?"

Manje tamvera kwa ine. Ine ni mwana wa a Chisale, mwamuna wachiwiri wa ambuya ako a Esnart, ndiye za mzungu uja nidziwa pang'ono chabe. Koma dzina lake nilidziwa, anali kumuitana Mikilosi. Si yemweyo ameneyo?

Dzulo ninanyamula mzungu wina kupita naye ku Mosi-oa-Tunya. Ninamufunsa za dziko limene uliko, ndipo ananiuza kuti kumeneko kuli mabanja akale a nduna za mafumu, okhala ni nyumba zamiyala pamwamba pa mapiri. Mazuba, tsegula maso. Gogoyo umusamale ngati dzira. Ngati kuli nyumba kapena famu ya Mikilosi, mwini wake ni amako, ndipo pokambirana zotere pafunika malume. Ine pasipoti nili nayo.

Ukapeza munthu wobwera kuno, unitumizireko jekete yachikopa. Paja ya chaka chatha unalonjeza chabe.

Ndine malume wako,
Whyson Chisale

Pécs
29 Disembala 2023

Amama,

Ndikhulupirira Khirisimasi mwadya bwino. Kalata yanu sinafikebe, koma amalume anandiuza dzina lija, ndipo ndinalephera kudzigwira. Ndinawauza agogo a Ilona kuti mlongo wawo anasiya mwana wamkazi ku Livingstone, dzina lake Rebecca, ndipo ine ndine mwana wake. Ndinawaonetsa chithunzi chanu cha pa ukwati wa Pamela. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Chipumi ichi ndi cha amayi anga." Ngati ndinalakwa kuulula musanandilole, mundikhululukire.

Pa Khirisimasi ananditengera kumudzi kwa makolo awo. Muwauze amalume kuti pasipoti aisunge. Nyumba yamiyala ija inagwa kalekale, pamwamba pake pakudya nkhosa, ndipo minda inalandidwa ndi boma nkhondo yaikulu itatha. Agogowo amakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Chuma chimene banjali latsala nacho ndi maina.

M'katchalitchi ka m'mudzimo, pakhoma lonse la kumanja, anajambulapo mtengo. Patsinde pali munthu wotchedwa Szelend, msilikali amene mfumu ya dziko inamupatsa chigwa chimenechi zaka pafupifupi mazana asanu ndi atatu zapitazo. Iye anabereka ana aamuna atatu, ndiye mtengowo uli ndi nthambi zitatu. Yoyamba inathera pa nkhondo ya anthu a ku Mongolia. Yachiwiri inakula kwambiri, munatuluka oweruza milandu ndi ansembe, koma inadulidwa pa nkhondo ya anthu a ku Turkey. Yachitatu ndi imene yafika lero, koma yawonda ngati nsonga ya bango. Otsala ndi okalamba okhaokha, ndipo achinyamata ochepa amene alipo sakubereka. Pamwamba penipeni pali tsamba lolembedwa Miklós, ndi kamtanda, ndi mawu akuti anafa wopanda mwana. Ndinaima pansi pa tsamba limenelo, ine mdzukulu wake, n'kumawerenga kuti kulibe.

Chinanso chimene ndinaona n'chakuti mtengowo ndi wa amuna. Akazi ambiri akale sanalembedwe n'komwe maina, anangoti "mwana wamkazi wa uje".

Woyang'anira mtengowu ndi a Lajos, mwana wa mlongo wina wa agogo a Ilona, loya wopuma pa ntchito. Anandilandira mwaulemu koma mozizira. Akuti anthu ambiri amadzinamiza kuti ndi a fuko lawo, ndipo iwo salemba munthu popanda umboni. Andipatsa kabotolo koti mulavuliremo, akakapime ngati magazi anu ndi awo ndi amodzi. Ndakatumiza ndi mnzanga Chabota amene akubwera ku Livingstone mwezi wamawa.

Amama, ndikumvetsa chifukwa chake mwakhala chete. Kunyumba tinkangomva kuti mzunguyo "anapita". Ndikudziwa kuti anakutayani inu ndi ambuya, ndipo simufuna kumva za iye. Sindikukupemphani kuti mumukhululukire. Ndikungofuna kuti bodza lili pakhoma lija lichoke.

Mwana wanu,
Mazuba

Libuyu
18 Febuluwale 2024

Mazuba mwana wanga,

Moni. Tonse tili moyo, miyendo ikupweteka monga mwa masiku onse. Chabota anafika ndi kabotolo kako. Ndakaika pawindo, ndikusungiramo singano. Ine sindilavulira m'botolo kuti munthu wina andiuze atate anga. Ndinawaona ndi maso anga, anandinyamula paphewa.

Makalata ako onse awiri ndikanawasiya osayankha, koma wanena kuti atate anatitaya. Amene anakuuza zimenezo ndani? Khala pansi umve.

Ambuya ako a Esnart Nabanda anabadwira kuno, atate awo atabwera wapansi kuchokera ku Dedza kudzafuna ntchito. Atate anga anafika m'tauni muno opanda kanthu, n'kulembedwa ntchito yokonza magalimoto pa garaja ya mzungu wina. Azungu anzawo ankawayesa wosauka wolankhula Chingerezi chopotoka. Anaona amayi akugulitsa zitumbuwa pafupi ndi garajayo, ndipo sanachite nawo zobisa ngati ena a nthawi imeneyo. Anapita kwa akuluakulu, anawakwatira mwa mwambo wathu, poti ku boma sakanawalola. Kukomboni sankaloledwa kukhala, choncho ankabwera pa njinga akaweruka. Ndimakumbukira fungo la mafuta a galimoto m'manja mwawo, ndi mmene ankandikwezera pa chitsulo cha njingayo mpaka kumtsinje wa Maramba.

Ndili ndi zaka zinayi anadwala malungo oopsa. Anawagoneka kuchipatala cha azungu, kumene amayi sanaloledwe kulowa. Atamwalira anakawaika kumanda a azungu. Ine ndi amayi tinaima kunja kwa waya, dzuwa lili pamutu, tikuonera anthu anayi osawadziwa akukwirira atate anga mofulumira ngati akuthamangira chakudya. Amayi atayamba kulira mokweza, mlonda anabwera kudzatiuza kuti tikusokoneza. Ndiye chifukwa chake amayi ankangoti "anapita". Mawu ena onse ankawatsamwa.

Sindinawade atate anga tsiku ndi limodzi lomwe. Chimene ndinalumbira n'chakuti sindidzaimanso kunja kwa mpanda wa munthu kupempha kuti andilowetse. Kalata yako yoyamba itafika ndinaona ngati wapita kukaima pa waya womwe uja m'malo mwanga, ndipo mtima unandiwawa.

Manda aja alipo. Dziko litalandira ufulu amayi anayamba kukalambulapo, ndipo iwo atamwalira ndinapitiriza ine. Loweruka loyamba la mwezi, pamene inu munkati ndapita kukagula nsalu, ndinkayamba ndadzera kumeneko. Mwala ndinaika ndekha, atate ako a Muleya anandithandiza kunyamula simenti. Dzina tinalemba mmene tinkalimvera.

Mayi wokalambayo wandimvetsa chisoni. Umuuze kuti mlongo wake sanagone patchire. Akafuna kuona pamene anagona, abwere, ndidzamutengerako ndekha. Loya uja umuuze kuti ine sindinapemphe kukwera mumtengo mwake.

Uzivala zofunda.

Ndine mayi ako,
Rebecca

Pécs
10 Malichi 2024

Amama,

Ndalira, ndipo ndachita manyazi. Mundikhululukire ponenera agogo anga zoipa zimene sanachite.

Kalata yanu ndinawamasulira agogo a Ilona mawu ndi mawu, ngakhale za singano zomwe. Pa za singanozo anaseka mpaka kutsokomola. Nditafika pa za manda anaitanitsa ndodo yawo. Munthu amene ndakhala ndikumunyengerera miyezi yonseyi kuti ayende pang'ono chabe, tsiku limenelo anayenda khonde lonse kupita ndi kubwerera. Akuti, "Undilimbitse mwendowu, ndili ndi ulendo."

Dokotala wawaloleza kuyenda mu Juni. A Lajos anayesa kuwaletsa, atalephera anati awaperekeza kuti anthu asakawabere. Ine sinditha kubwera, mayeso anga omaliza ali mwezi womwewo. Amalume akawalandire ku bwalo la ndege, ndipo chonde asakatchule za famu.

Mwana wanu,
Mazuba

Libuyu
2 Julayi 2024

Mazuba,

Amako akuti nilembe ndine. Alendo ako tawaperekeza dzulo. Manje imva mmene zinayendera, ndipo ukanakhalapo ukanavina.

Ninawatenga pa eyapoti ni teksi yotsukidwa bwino. Gogo uja anakana kupita ku loji, anati tiyambe kumanda. Amako anali atafika kale, atavala chitenge cha Chigwirizano cha amayi, ataima pachipata. Awiriwa anangoyang'anana, osapatsana moni. Kenaka gogoyo anataya ndodo, n'kuwagwira amako kumaso ni manja onse awiri. Amako, amene ine sininawaonepo akulira ngakhale pa maliro a amuna awo, anati, "Azakhali," basi misozi. Analowa atagwirana.

Pamanda panali poyera ngati pabwalo la nyumba. Gogoyo anawerenga mwala uja, MIKILOSI SELENDI, anagwada ni mwendo wake umene anauika chitsulo pa opaleshoni, n'kutulutsa kathumba ka dothi la pamanda a amayi awo, n'kuthira. Anayankhula chiyankhulo chawo nthawi yaitali ngati munthu amene akupereka malonje. Ba Lajos anaima kumbuyo atavula chipewa, nkhope ili gwa.

Tsiku lotsatira tinawaitana kunyumba. Ine ninali nitauza aliyense. Alongo ako onse anabwera ni akazi awo, Pamela ni mwamuna wake, adzukulu, mpaka tiana ta adzukulu. Bwalo linadzaza, ena anakhala pa mpanda. Gogoyo anafunsa kuti, "Anthu onsewa ndi oyandikana nawo nyumba?" Amako anati, "Ayi, awa ndi a Mikilosi." Gogoyo anatembenukira ba Lajos n'kuwauza mu Chingerezi kuti tonse timve, "Iwe umati fuko likutha. Taona kumene linathawira."

Ba Lajos anayankha mofatsa kuti zonsezi aziona ndipo mtima wawo wakhudzidwa, koma ntchito yawo ni kulemba zimene zili ni umboni. Anati angathe kulemba amako ngati mwana wobadwa kunja kwa ukwati. Amako anaimirira. Anati, "Bambo, ine sindinakuitaneni kudzandilemba. Koma mukafuna kulemba, muyambe ndi amayi anga, Esnart Nabanda, mkazi wa Mikilosi. Mukawasiya iwo, ndisiyeni ndi ine ndi ana anga onsewa." Ba Lajos anafunsa ngati pali pepala la ukwati. Amako anati, "Boma limene likanalemba pepalalo ndi lomwe linkaletsa. Ife ukwati timamangira pa ankhoswe."

Apa m'pamene malume wako anagwira ntchito. Ninayatsa teksi n'kupita ku Dambwa kukatenga ba Nawa, mdala wa Chilozi amene anali kugwira ntchito pa garaja imodzi ni Mikilosi. Maso anafa koma mutu uli bwinobwino. Iwowa ndiwo anali nkhoswe wa mzunguyo, poti analibe m'bale. Anafotokoza mmene anamuphunzitsira kugwada ni kuomba m'manja, mmene anapitira kwa amalume a ambuya ako atanyamula tambala, ni mmene tambalayo anapulumukira pakhomo penipeni. Akuti Libuyu yense anatuluka kudzaonera mzungu akuthamangitsa nkhuku pakati pa nyumba, atavala jekete yobwereka. Gogo Ilona anaseka mpaka kupukuta misozi, akuti kwawonso nkhuku zinali kumuthawa.

Ba Lajos sanaseke. Anati, "Kholo lathu loyamba litamwalira, anthu anakana kuti mwana wake wachitatu ndi wake. Panalibe pepala. Oweruza a mfumu anaitana anthu a m'midzi yoyandikana, n'kuwalumbiritsa m'tchalitchi. Nthambi yathu yonse yaima pa lumbiro limenelo. Ngati linakwanira kwa iwo, ine ndine yani?" Anapempha Baibulo. Ba Nawa anaika dzanja, n'kulumbira mu Chilozi, mu Chinyanja, ni mu Chingerezi chomwe, kuti pasakhale wonena kuti sanamve. Azimayi anayamba nthungululu, ba Lajos anatulutsa cholembera, n'kuwafunsa amako kalembedwe ka Nabanda.

Analemba mpaka dzuwa kupendeka, mwana aliyense akubwera kudzatchula dzina lake. Ine ninafunsa ngati malume ali ni malo. Anati pepani. Palibe kanthu mwandi, chibale ni fupa, sichiola.

Jekete ninalandira. Ni yaikulu pang'ono koma niivala.

Malume wako,
Whyson

Pécs
9 Seputembala 2024

Amama,

Moni nonse. Mayeso ndinakhoza, koma zimenezo ndikuuzani pa foni. Lero ndikufuna mukhale ndi pepala loti muzisunga.

Dzulo linali tsiku limene a fuko la Szelend amakumana chaka ndi chaka m'katchalitchi kaja. Mawu akuti "wopanda mwana" afufutidwa. Pambali pa tsamba la Miklós pali tsamba la Esnart Nabanda wa ku Livingstone, ndipo pa awiriwa pakuchokera inu. Kuchokera pa inu wojambula anasowa malo. Nthambi yanu yakwera mpaka kudenga, yakhota pangodya, yadutsa pamwamba pa windo n'kulowa khoma lina limene linali loyera chimangidwire. Agogo a Ilona analamula kuti ana aakazi alembedwe ndi ana awo omwe, ndipo palibe anatsutsa.

Mwambo wawo ndi wakuti woyang'anira mtengo amawerenga maina onse kuyambira patsinde. Akatchula womwalira, belu limalira kamodzi. Akatchula wamoyo, mwini wake amayankha kuti "Ndilipo." Belu linalira, linalira, zaka mazana onse aja, ndipo oyankha anali ochepa, mawu awo otopa. Linalira pa Miklós, linaliranso pa ambuya. Kenaka a Lajos anandiyang'ana n'kunena kuti, "A ku Zambia uwayankhira ndiwe."

Anati, "Rebecca." Ndinayankha m'chinenero chathu kuti, "Alipo!" Anapitiriza, lilime likupunthwa pa maina ngati Mapenzi ndi Namasiku, thukuta lili kamukamu, ine ndikungoti alipo, alipo, alipo. Woliza belu anasiya chingwe n'kukhala pansi. Pofika pa adzukulu, nkhalamba zonse za m'tchalitchimo zinali zitaphunzira mawuwo ndipo zinkayankha nane limodzi. Amama, tchalitchi cha ku Hungary chinagwedezeka ndi "Alipo!"

Agogo a Ilona akuti ndikuuzeni kuti tsopano akhoza kukakumana ndi amayi awo ali ndi yankho.

Mwana wanu,
Mazuba

Libuyu
6 Okutobala 2024

Mazuba mwana wanga,

Kalata yako ndinaiwerenga kumsika, ndinaiwerenganso kunyumba, ndipo Lamlungu abusa anandipempha kuti ndiiwerenge pamaso pa mpingo. Azimayi aja anaimirira n'kuyamba nyimbo ndisanamalize. Zithunzi za khoma Whyson wazionetsa kwa aliyense wokwera teksi yake, ofuna ndi osafuna omwe.

Wachita bwino pa mayeso. Wachitanso bwino posadikira mawu anga.

Azakhali uwapatse moni, uwauze kuti diresi lawo la chitenge ndamaliza, ndipo asasiye kuyenda ndi mwendowo. A Lajos uwauze kuti dzina la mdzukulu wanga Moono alemba ndi "o" mmodzi pakati, akonze.

Uwauzenso kuti wojambula uja asatsuke maburashi ake. Pamela ndi woyembekezera, ndipo kuchipatala amuuza kuti ndi awiri.

Ndine mayi ako,
Rebecca, mwana wa Esnart ndi Mikilosi